Kachingwe ka Ukonde Kamene a Brubaker Anasunga

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi a Lowell Dean Brubaker, amene tonse tinkangowatchula kuti a Kochi. Anabadwa pa 9 Malichi 1946 pa famu ya makolo awo kufupi ndi tawuni ya Danner, kuno ku Indiana m'dziko la America, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Merle Tackett. Ndinali wachiwiri wawo pa timu ya basiketibolo ya koleji ya Pell Creek kwa zaka 27. Ngati simukundidziwa musachite manyazi. Mukayang'ane zithunzi zonse za a Kochi, phewa ndi khutu limodzi zimene zimaoneka m'mphepetemo ndi zanga.

Lachinayi likudzali akuluakulu a koleji akhala pansi kukambirana ngati bwalo lathu losewerera lipatsidwe dzina la a Brubaker. Akhala akuzengereza kwa zaka khumi ndi zisanu chifukwa cha nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Ndikukuonani akuluakulu mwakhala pa benchi lachiwiri, ndipo atolankhani muli kumbuyoko ndi makamera anu. Ndikupempha kuti musatuluke msanga.

A Brubaker anaphunzira pulayimale ndi sekondale ku Danner komweko. Kuponya mpira anaphunzirira pa mkombero wachitsulo umene bambo awo anakhomera pa khoma la khola la ng'ombe. Ine ndi iwo tinakumana tili ndi zaka khumi ndi zinayi, mu timu ya sukulu. Tsiku lina ine ndinagoletsa mapointi 22, iwo asanu ndi anayi okha. Kutacha, nyuzipepala inatulutsa chithunzi chawo, chifukwa iwo anaima n'kumacheza ndi mtolankhani pamene ine ndinali chowerama kumasula nsapato. Tsamba limenelo ndikadali nalo, ndipo silinasiye kundiwawa.

Anachita maphunziro a uphunzitsi pa koleji ya Pell Creek ndipo anamaliza mu 1968. Mu 1970 anamanga banja ndi mayi Arlene Stoltz mu tchalitchi chomwe chino cha Methodist. Sindinena kuti pakati pa ine ndi a Brubaker anayamba kuwaperekeza mayi Arlene pochokera ku kwaya ndi ndani, mayiwo akudziwa okha. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Anaphunzitsa ku sekondale kwa zaka khumi ndi zinayi, uku akuphunzitsanso timu ya sukuluyo. Mu 1982 koleji inawaitana kuti akhale mphunzitsi wamkulu wa timu yake, ndipo tsiku lomwelo anandiimbira foni. Anati, “Merle, siya zogulitsa matayalazo. Ine pakamwa ndili napo, mutu uli kwa iwe.” Ndinapita.

Pakamwapo analidi napo. Ankadziwa dzina la mtolankhani aliyense, la mkazi wake, ngakhale la galu wake. Tikagonja ndi mapointi makumi awiri, ankalowa m'chipinda cha atolankhani akumwetulira, n'kuyamba ndi kufunsa kuti, “Curt, kamtsikana kako kaja kachira?” Kutacha mumawerenga kuti timu ya a Brubaker yagonja mwaulemu. Aphunzitsi ena amene ankapambana kuposa ife ankalembedwa kuti ndi aukali, ena odzikonda, chifukwa choti sankadziwa kuyang'ana kamera. Ine akandilozetsa maikolofoni lilime linkauma. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yanga inali kathabwa koyera ndi cholembera, pamene ndinkajambulapo kayendedwe ka osewera.

Chaka chawo chachikulu chinali 1994, pamene tinafika mu ndime yomaliza ya chikho cha makoleji a m'chigawo chathu. Kunatsala masekondi anayi, tikutsalira ndi pointi imodzi. Tinaimitsa masewero, ndipo ndinajambula mofulumira kuti uyu athamangire uku, uyu atseke apa, mpira upite kwa amene adani samuganizira. A Kochi anatenga kathabwako n'kugwada pakati pa anyamata. Apa m'pamene kamera inafika. Mpira unalowa, ndipo mpaka lero njira imeneyo anthu amaitcha Msampha wa Brubaker.

Mukudziwa mwambo wathu tikatenga chikho. Makwerero amaikidwa pansi pa mkombero, aliyense amakwera ndi sizasi n'kudula kachingwe kake ka ukonde wa pa mkomberowo, osewera poyamba, kenako ife othandiza, pomaliza mphunzitsi wamkulu. Tsiku limenelo anyamata onse anadula. Ine nditaponda sitepe yoyamba, mnyamata wa wailesi yakanema anandigwira jekete n'kunena kuti, “Pepani bambo, nthawi yatithera, akwere a Kochi.” Ndinatsika. A Brubaker anakwera, anadula zotsala zonse, n'kumazunguza ukondewo m'mwamba dziko lonse likuonera. Ine ndinali m'munsi, nditagwira makwerero kuti asagwe.

Pa za mpingo, anali mkulu wa mpingo uno kwa zaka makumi atatu ndipo ankaphunzitsa Sande sukulu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ubwino wawo unali wa pa kamera pokha. Ndinaufufuza kwa zaka zambiri kuti ndiupeze bodza, ndipo ndinalephera. Wosewera akathyoka bondo, ankakhala naye kuchipatala popanda mtolankhani aliyense. Anyamata amene tinawachotsa mu timu, a Kochi ankawalemberabe makalata. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kuposa zonse.

Mu 2009 mayi Arlene anadwala khansa. A Kochi ankabwera ku ntchito kuchokera kuchipatala, maso ali psuu. Tsiku lina tili awiriwiri mu ofesi, anayang'ana chithunzi cha kaputeni wathu, dzina lake osalikumbuka. Anagwetsa misozi n'kunena kuti, “Merle, mutu wanga suli pano. Undigwirizize mwezi uno.” Sabata isanathe, mtolankhani uja, a Curt Vandiver, analemba nkhani ija. Inati munthu wina wa pafupi ndi timu, amene sanafune kutchulidwa dzina, waulula kuti a Brubaker sadziwa ngakhale mayina a osewera awo, sanajambulepo njira yosewerera ndi kamodzi komwe, ntchito yawo ndi kumwetulira basi. Mawailesi anaitola. Anthu omwe aja amene ankawatcha bambo wa anyamata anayamba kuwatcha nkhalamba yachinyengo, ndipo ankaonetsa mobwerezabwereza chithunzi chawo akuyasamula pa benchi. Mu Epulo chaka chomwecho koleji inawapumitsa.

Munthu wosafuna kutchulidwa dzinayo ndine. A Vandiver, muli kumbuyoko ndipo mwandisungira chinsinsi mokwanira. Lero lembani dzina langa lonse, ndione kamodzi kokha likutuluka m'nyuzipepala. Inali nsanje, palibenso dzina lina loipatsa. Ndinkaganiza kuti mpando wawo ukhala wanga. Anaupereka kwa mnyamata wa zaka 34 wa mano oyera, wodziwa kuyankhula pa kanema.

Ndikonzenso bodza langalo pamaso pa akuluakulu. N'zoona kuti njira zambiri ndinkajambula ndine. Koma mu Febuluwale wa 2009, a Kochi ali kuchipatala ndi mayi Arlene, ndinatsogolera timu ndekha masewero atatu, ndi kathabwa komweko ndi anyamata omwewo. Tinagonja onse atatu. Ndikajambula ine, anyamata ankaona mizere. Akagwada a Brubaker n'kuwayang'ana m'maso, anyamatawo ankakhulupirira kuti mpira ulowa. Zimenezi sindinawauze a Vandiver.

Atapuma ntchito anasamalira mayi Arlene mpaka anachira, ndipo ankalima tomato kuseri kwa nyumba yawo. Sanayankhepo nkhani ija ngakhale atolankhani anawanyengerera. Chaka chatha anayamba kuvutika ndi mtima, ndipo mwezi wa Seputembala chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Ine ndinali ndisanapondeko kwawo zaka zonsezi. Mayi Arlene ndi amene anandiimbira kuti akundifuna.

Ndinawapeza atawonda, koma pakamwa pali pomwepo. Anati, “Wakalamba moipa iwe, Merle.” Kenako anatulutsa envulopu pansi pa pilo. Munali kachingwe ka ukonde, kakale, kachikasu. Anati, “Aka n'kako. Ndinakuona tsiku lija akukutsitsa, koma kamera inali pa ine ndipo ndinkaikonda. Ndinakusungira, kenaka ndinachita manyazi kukupatsa.” Ndinayamba kunena za nkhani ija, iwo anandidula. “Mu ofesi muja tinalimo awiri, ndipo ine sindinaimbire Curt. Ndadziwa kuyambira tsiku loyamba. Mbiri yanga ukawerenge ndiwe. Maikolofoni akakhala ako wekha, ukanene zimene ukufuna.”

Anamwalira Lolemba pa 14 Okutobala 2024, ali ndi zaka 78. Taonani, ngakhale pa kukhululuka anandiposa, ndipo ndikunama ndikati sizikundiwawa. Akuluakulu a koleji, chimene chimakuletsani chija mwachimva kuchokera kwa mwini wake. Lachinayi mukalembe dzina lawo pa bwalolo, ndi zilembo zikuluzikulu zoti kamera iziona. Kachingwe kaja kali m'thumba mwangamu. Ndinabwera nako kuti ndikaponye m'manda mwawo, koma ndasintha maganizo. N'kanga.

A Brubaker asiya mkazi wawo mayi Arlene, ana aamuna awiri, Dennis ndi Royce, mwana wamkazi mmodzi, Janelle, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali wawo mayi Lorna Hochstedler, ndi osewera oposa mazana awiri amene mayina awo onse ankawatchula ali pa bedi la chipatala. Asiyanso wachiwiri wawo mmodzi.

Mtendere umene ine ndinawalanda ali moyo akaupeze kumene apitako. Apumule mu mtendere.