Nkhomaliro Yotchipa M'mwezi wa Ramazani

Ndiwerengereni iyi, mtima wanga sunatsikebe. Ndili ndi lesitilanti ku Chipoka. Mlongo wanga anati tilembe mayi wina wodziwa kutsatsa malonda, azibwera kawiri pa sabata kudzatitsogolera. Ndinakana, n'kusankha kampani ya ku Lilongwe yongogwira ntchito pa foni.

Anyamata a kampaniyo analengeza nkhomaliro yotchipa m'mwezi wa Ramazani, pomwe makasitomala anga ambiri ndi asodzi achisilamu, amene ankasala kudya masana onse. Chambo chinangoonongeka. Ashehe podutsa anandifunsa, "Achimwene, mukutiyesa dala?" Nditaimbira akampaniwo, anati zithunzi za chakudya zomwe anaika pa intaneti anthu azikonda kwambiri. Zithunzi zimadya nsomba?

Pano mayi aja amabwera. Tsiku loyamba anandifunsa, "Kodi amadya muno ndani?" Enawo funso limeneli sanafunsepo.