Levulo ya Alamu

Aphunzitsi anapuma pa ntchito koma mutu wawo sunapume. Anagula telesikopu, makina oonera nyenyezi, ndipo anatha masiku atatu akupendeketsa mutu wa choikapo chake cha miyendo itatu pang'onopang'ono, mpaka unaloza malo enieni kumwamba kuti kamota kake kazitsatira nyenyezi osaphonya. Nyenyezi ya mchira imene ankafuna kujambula inali yoti ioneka bwino tsiku lomwelo basi. Dzuwa litapendeka anatulukira pakhonde, n'kupeza mlamu wawo, mmisiri womanga nyumba, ataima pafupi ndi makinawo levulo yake yoyezera kuwongoka kwa zipupa ili m'manja, mano onse panja.

"Musathokoze alamu," anatero mmisiri. "Ndi zapachibale izi."

"Ndithokoze chiyani?"

"Chinali chopendekeka chimenechi. Ndachiwongola."

Aphunzitsi anayang'ana makinawo.

"Mwachiwongola?"

"Bwerani muone kathovu mu levulomu. Pakati penipeni! Mabawuti analimba, koma ndinali ndi sipanala m'galimoto."

"Mayo ine! Alamu, chimenechi chimayenera kukhala chopendekeka!"

Mmisiri anaseka chachifundo. "Ndi mmene anakuuzirani kusitolo? Amatero akafuna kugulitsa chophotchoka."

"Ndinachipendeketsa ndine! Dala! Masiku atatu!"

"Masiku atatu? Mukanangondiitana. Ine sizinanditengere ndi mphindi zisanu zomwe."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuwapukuta, monga ankachitira kale akakumana ndi mwana wouma mutu. Anatola lalanje patebulo, n'kulipendeketsa, n'kuyamba kulizunguza.

"Tamverani. Dzikoli limazungulira chonchi, chopendekeka. Makinawa akapanda kugwirizana nalo, nyenyezi imathawa, chithunzi chimangotuluka mizeremizere."

"Dziko lonseli n'lopendekeka?"

"Lonse."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi."

"Aaa! Ndiye palibe anadandaulapo?"

"Alamu, dzuwa likulowa!"

"Nanga inuyo, ophunzira chonchi, mwaona cholakwika, m'malo mokonza mukuchitsanzira?"

Aphunzitsi anagwada kuti ayambirenso, ndipo pamenepo ndi pamene anaona kuti chinthu china chasowa.

"Buku linali pansi pa mwendo uwu lili kuti?"

"Ndalibweza pashelefu. Buku si lopondetsa zitsulo."

"Miyendoyo ndi imene imayenera kukhala pa levulo! Ndinaikapo bukulo chifukwa khonde ili n'lotsetsereka!"

"Khonde liti?"

"Lomweli! Limene munamanga inuyo chaka chatha!"

Mmisiri anakwinya nkhope. Anagoneka levulo pansi mwaulemu wonse. Kathovu kanathamangira kumapeto n'kukakhala komweko. Anaitembenuza, anaipukuta pa malaya, anaigonekanso, koma kathovu sikanasinthe maganizo.

Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kuika levulo kukhwapa.

"Khonde langa lili bwinobwino, alamu. Mwanena nokha kuti dziko ndi limene linapendekeka."