Botolo la Ulusi Woyera

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1958, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pano ndine mng'ono wawo, chitsiriza m'banjamo. Abale sanandisankhe chifukwa chodziwa kulankhula ayi, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Andisankha chifukwa malemu anandisiyira mawu oti ndiwatule pamaso panu. Choncho mundipirire, anthuni.

Sukulu anayamba mu 1965, ndipo anaisiyira kumapeto kwa pulayimale mu 1973, bambo athu atamwalira. Anatenga ndowa ndi nsanza n'kuyamba kutsuka magalimoto pafupi ndi msika kuti ife ang'onoang'ono tipitirize kuphunzira. Mayi athu ankati mwana ameneyu anabadwa atafumbata nsanza, chifukwa chinthu chakuda sichinkawadutsa pamaso.

Mu 1979 analembedwa ntchito pa galaja ina yowongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi. Zaka zitatu zoyamba ankangokhalira sandipepa tsiku lonse, kufika kunyumba ali mbuu ngati agwera m'thumba la ufa. Kumeneko ndi kumene anagwira koyamba makina opolishira, aja a siponji yozungulira, ndipo sanawatulenso mpaka matenda atawalanda.

Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyi, chifukwa popanda kutero simumva bwino zimene ndatumidwa. Galimoto ikakalika, kaya ndi nthambi, kaya ndi kiyi, kaya ndi nsanza ya mchenga, si nthawi zonse imafuna penti watsopano. Pali polishi wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wokhakhala, ali ndi timchenga tosaoneka ndi maso, ndipo amadya penti pang'onopang'ono mpaka mzere utafafanizika. Wachiwiri ndi wosalala ngati mafuta odzola, womalizira, wobweretsa kuwala. Malemu ankakonda kunena kuti polishi sakwirira mzere, koma amatsitsa penti wozungulira mpaka alingane ndi pansi pa mzerewo. Ukapyola muyeso, makamaka m'mphepete mwa chitseko momwe penti amakhala wopyapyala, wabowola, ndipo palibenso kubweza.

Ambiri mwa inu mumawadziwa kuti a Chikhadabo. Dzinali linachokera pa kayezedwe kawo. Galimoto ikabwera, asanalankhule chilichonse, ankayendetsa chikhadabo cha chala chachikulu pamzerepo. Chikangodutsa, ankati isiyeni, mudzaitenge madzulo. Chikakodwa, ankapukusa mutu n'kumuuza mwini wake kuti apa polishi alibe mphamvu, apite kwa openta. Mabwana ena ankachoka atakwiya, koma mawa lake ankabweranso ndi anzawo, chifukwa munthuyu pa galimoto sankanama.

Pa 6 Ogasiti 1983 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa. Alamu akhoza kundichitira umboni kuti m'nyumba mwawo ngakhale ketulo sinkapuma. Mlendo ankapesa tsitsi poyang'ana pa chivindikiro cha poto. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi: wachisamba ndi wamkazi, anabadwa mu 1985, kenako anyamata atatu. Anyamatawo, mundikhululukire ana anga, manja awo ndi a zolembera. Manja a bambo awo anapita kwa wamkazi.

Mu 1994 malemu anatsegula malo awoawo, kashedi ka malata kuseri kwa ogulitsa matayala, khoma limodzi ndi shedi yanga. Polishi ankagula m'zitini zikuluzikulu n'kumathira m'mabotolo awiri ofanana. Botolo la wokhakhala ankalimanga ulusi wofiira pakhosi, la wosalala ulusi woyera. Iwo eni ulusiwo sankauyang'ana n'komwe. Ankangodontheza pachala, kutikita ndi chala chinzake, basi adziwa.

Mu 2004 mwana wawo wachisamba, atamaliza sekondale, anakana zokasaka ntchito ya muofesi n'kulowa m'shedimo. Anthu anaseka, koma sanaseke nthawi yaitali. Zaka zisanu ndi ziwiri bambo ndi mwana anagwira ntchito moyandikana, uyu boneti, uyu chitseko. Malemu ankabwera kwa ine kuseri n'kundinong'oneza kuti mwanayu wawaposa, dzanja lake ndi lopepuka kuposa lawo. Ndinkawauza kuti akamuuze mwini wake. Iwo ankati kumuyamikira pamaso n'kumuwononga.

Tsopano ndafika pa tsiku limene banja lathu silinkalitchula. Linali Lachisanu, pa 7 Okutobala 2011. Kunabwera galimoto yakuda, yoti mawa lake inyamule mkwatibwi. Amene mumadziwa penti wakuda mukudziwa kuti sabisa kanthu. Malemu anachotsa mizere yonse ndi polishi wokhakhala, kenako anauza mwana wawo kuti amalize chitseko chakumbuyo ndi wa ulusi woyera, iwo n'kutuluka kukaona galimoto ina. Mwanayo anatenga botolo la ulusi woyera monga anauzidwira. Anayendetsa makina m'mphepete mwa chitseko kawiri kokha, ndipo panatuluka chigamba chotuwa, chachikulu ngati dzira. Penti anali atabowoka.

Mwini galimoto anali pomwepo ndi abale ake. Amakaniko a mashedi oyandikana anathamangira kudzaona. Malemu atalowa n'kuona chigambacho, anapsa mtima mmene sindinawaonerepo. Anamulanda makina mwanayo pamaso pa anthu onse, n'kumuuza kuti wawachititsa manyazi, kuti zaka zonsezi ankaphunzitsa chitsa, kuti manja ngati amenewo ndi otsukira mbale. Ine ndinali pakhomo, magalasi owotcherera ali pachipumi, ndipo sindinanene kanthu. Lero ndikuvomera kuti nanenso ndinalakwa.

Mwanayo anazimitsa magetsi pakhoma, anakulunga chingwe mmene anaphunzitsidwira, anavula ovolosi n'kuipachika pamsomali, ndipo anatuluka. Galimoto ija inapita ku ukwati chigambacho atachibisa ndi maluwa, ndipo sabata yotsatira openta anachikonza. Chitseko chinachira m'masiku asanu, koma banja lathu silinachire.

Patatha milungu itatu mwanayo anasamukira ku mzinda wakutali. Ntchito sanaisiye. Anayambira pansi m'magalaja a eni, ndipo lero ali ndi malo akeake, ndi banja lake. Ankaimbira foni mayi ake ndi alongo ake, koma bambo ake ayi. Mu 2015, pa maliro a mayi athu, bambo ndi mwana anapatsana moni wa dzanja basi, ngati anthu okumana pamzere wa kuchipatala. Alamu analira mpaka misozi kuuma. Ife tikayamba kuikamba nkhaniyo, malemu ankanyamuka kukachapa masiponji ochapa kale. Ovolosi ija inakhala pamsomali zaka khumi ndi zitatu. Botolo la ulusi woyera analiika pashelefu yapamwamba, ndipo wolikhudza ankaona zakuda. Tonse tinkati ndi mkwiyo.

Matenda anayamba mu 2021 ndi chifuwa chosamva mankhwala. Malemu moyo wawo wonse ankakana kuvala chophimba pamphuno. Ankati penti akayamba kutentha amanunkha, ndiye munthu wotseka mphuno angamve bwanji? Madokotala anapeza kuti fumbi la zaka makumi anayi linali litakhazikika m'mapapo. Mu 2023 anasiya kugwira makina, koma kunyumba sankakhala. Ankabwera kudzakhala pa mpando wakale wa galimoto pakhomo pa shedi, akupuma movutikira, n'kumayendetsabe chikhadabo pa magalimoto a anthu odzagula matayala.

Anagonekedwa m'chipatala pa 9 Sepitembala chaka chino cha 2024. Lolemba pa 16 anandituma kuti ndikatenge botolo lija pashelefu. Ndinaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, komabe ndinapita. Nditabwera nalo masana, anapempha alamu kuti akawafunire madzi otentha. Titatsala awiri, anandiuza kuti ndilikhutchumule kwambiri, ndidontheze pachala, nditikite. Ndinatikita. Anthuni, ngakhale ine wa zala zopsa ndi moto ndinaumva mchenga. M'botolo la ulusi woyera munali polishi wokhakhala.

Ndiye anandifotokozera, mawu awiri, kupuma, mawu awiri, kupuma. M'mawa wa Lachisanu lija, pothamangira galimoto ya ukwati, iwo ndi amene anadzaza mabotolo, ndipo anasokoneza zitini. Mwana wawo anakhulupirira ulusi wa bambo ake, monga anaphunzitsidwira. Iwo anazindikira mawa lake lomwelo, atadontheza pachala kuti amalize galimoto ina. Nthawi imeneyo mwanayo anali asanasamuke. Kwa milungu itatu ankapatukirana naye pakhomo la nyumba m'mawa ndi madzulo. Tsiku loyamba anati amuuza mawa. Mawa litafika, pakamwa panalemera. Anaganiza za amakaniko onse amene anamva mawu aja, anaganiza za dzina lawo la munthu wosalakwitsa, ndipo anakhala chete. Chaka chikamapita, mawuwo ankalemera kuposa chaka chatha.

Sindikubisirani, ndinakwiya. Ndinamukalipira munthu ali ndi timapaipi m'mphuno, mkulu wanga amene anandiphunzitsa sukulu ndi ndowa ya madzi. Ndinawafunsa kuti inu amene munkatiuza tsiku ndi tsiku kuti mzere suchoka penti akapanda kutsika, zinakukanikani bwanji kutsika pang'ono chabe kwa mwana wanu? Sanadziteteze. Anangoti ndanena zoona, misozi ikutsikira m'makutu.

Tsiku lomwelo tinamuimbira mwanayo. Bambo ake anangokwanitsa kunena kuti bwera, ndili nawe mawu. Anakana kuwanena pafoni. Anati anamunyoza akumuyang'ana m'maso, ndiye apepesanso akumuyang'ana m'maso. Mwanayo anati akubwera, angopeza womusiyira ana. Koma malemu ankadzimva m'thupi. Anandigwira dzanja n'kundilamula kuti ngati basi ichedwa, mawuwa ndisakawanenere kuchipinda, koma pabwalo, pamene pali anthu, chifukwa chipongwe chija chinachitikira pagulu.

Lachitatu pa 18 Sepitembala anadzuka m'mawa n'kupempha alamu kuti awamete ndevu ndi kuwaveka malaya oyera. Mwana anali atakwera basi mbandakucha. Malemu ankafunsa nthawi pafupipafupi, ndipo chitseko cha wodi chikangolira ankatembenuza mutu. Anatisiya nthawi ya 11 koloko m'mawa, ali ndi zaka 66. Basi inafika 3 koloko masana.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mlongo wawo mmodzi, ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka kumapeto, ngakhale ankawavutitsa ndi kudandaula kuti mabedi achitsulo sapukutidwa bwino. Ndikuthokoza a mpingo, anansi athu, ndi amayi amene mwakhala pamoto masiku atatu. Ndikuthokoza amakaniko, openta ndi ogulitsa matayala amene munatseka mashedi anu. Magalimoto anu ndawaona mmene mwawandandalika mumsewumu, onse otsuka, onse owala. Malemu akanawaona akanapezabe mzere, koma akanasangalala. Koposa onse ndikuthokoza alamu anga, amene anakhala pakati pa mwamuna ndi mwana zaka khumi ndi zitatu osataya mmodzi.

Tsopano mundilole nditule katundu wanga. Ena mwa inu munalipo Lachisanu lija, nkhope zanu ndikuziona, ndiye tcherani khutu. Ndilankhula naye ngati mwana, chifukwa ndi mmene bambo ake anandituma.

Mwana wanga, iwe wachisamba, dzutsa mutu. Bambo ako akuti chitseko chija sunabowole ndiwe. Anasokoneza mabotolo ndi iwo, anadziwa mawa lake, ndipo anakusiya usenze mlandu wawo zaka zonsezi chifukwa cha manyazi. Akuti manja ako si otsukira mbale. Akuti unawaposa kalekale, ndipo ankandiuza ine m'malo mokuuza iwe. Akuti pepa. Sakukukakamiza kuwakhululukira lero, akuti nthawi imeneyo anaitaya okha. Makina akusiyira iwe, pamodzi ndi makiyi a shedi, ndipo ovolosi yako ikadali pamsomali pomwe unaisiya. Botolo lija ndi ili m'manja mwangamu. Akuti usakhulupirire mawu anga, kapena ulusi. Udontheze pachala, utikite, udzimvere wekha.

Achimwene, a Chikhadabo, mawu anu ndatula pagulu monga munanenera, ndipo mwana wanu wamva. Mukanawanena nokha, achimwene, mukanawanena nokha. Pitani bwino, mukapume kumene kulibe fumbi. Mzimu wanu uuse mumtendere.