Kansalu kanali m'thumba mwanga

Anzanga omvera, ine ndimajambula mavidiyo a maukwati kuno ku Ulongwe, ndipo pali chinthu chikundidya mumtima.

Msuweni wanga wa ku Balaka atagula droni, kandege kojambula kaja, anthu onse anakhamukira kwa iye. Ngakhale mchemwali wanga weniweni anaitana iyeyo pa ukwati wake, ine n'kundiuza kuti ndizilandira alendo. Nsanje inandigwira.

Tsikulo kandege katauluka, zithunzi pafoni zinkangooneka mbuu ngati chifunga. Msuweni anakatsitsa, kuchepetsa kuwala, kuwonjezera, kusintha mitundu, koma ayi ndithu. Thukuta lili kamukamu, anabwera kwa ine.

"Asuweni, inu munayamba kale ntchitoyi. Chavuta n'chiyani?"

Ine ndinali nditaona kale. Munthuyo anali atangodya nyama ya mbuzi, ndipo chala chake chamafuta chinadinda pagalasi la kamera. Kunali kungopukuta basi, ndipo kansalu kopukutira kanali m'thumba mwanga.

Ndinayankha kuti, "Iyayi, zam'mwambazo ife sitizidziwa. Ife ndi apansi."

Anajambula choncho ukwati wonse, ine mtima uli myaa.

Patangotha miyezi iwiri, amayi athu anatisiya. Paukwatipo anavina mpaka mpango kugwa, ndipo vidiyo yawo yomaliza ndi yomweyo. Dzana mchemwali wanga ankaionera, misozi ili mbwembwembwe, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, amayi ndi ati apa?"

Ndinayang'anitsitsa, omvera, koma nanenso sindinawazindikire.