Zenera la Agogo a ku Ireland

Pamzere woyezetsa korona ku Bentley, dera lina la kutsidya kwa nyanja, kutali ndi Malawi komanso Ireland, mayi wovala yunifolomu ya osamalira okalamba anaima pambuyo pa bambo wina wogwira ntchito kufakitale. Atazindikirana kuti onse ndi a ku Malawi, anayamba kucheza, masiki ali kukamwa.

"Mayi, maso anuwo afiiratu. Simunagone?"

"Ndigone bwanji? Dzulo atisiya agogo ena amene ndinkawasamalira, a Malachy, mzungu wa ku Ireland."

"Pepani. Abale analipo?"

"Abale ake ati, malire ali otseka chonchi? Ndinali ndekha. Chaka chonsechi akhala akundisimbira za kamudzi kawo. Akuti munda uliwonse uli ndi dzina lake, ndipo pali mtengo wina waminga umene palibe angaudule, kuopa mizimu. Ngakhale msewu anachita kuukhotetsa kuti uulambalale."

"Azungunso ali nazo zimenezo?"

"Kuposa ife. Ndiye anandipempha kuti akadzatsirizika ndidzatsegule zenera, mzimu wawo upeze potulukira, ubwerere kwawo. Kumudzi kwawoko amatero."

"Munatsegula?"

"Mazenera a kuntchito kwathu satseguka, bambo, anawakhomerera. Ndinangokankha bedi, mtembo uli pomwepo, mpaka pachitseko cha kuseri, n'kuchitsegula. Alamu inalira nyumba yonse. Abwana andikalipira, makutu mpaka kuwawa."

"Koma inu! Ndiye mukuganiza kuti afika kwawoko?"

"Iwo afika, mzimu safunsa chilolezo. Ine bambo anga anamwalira ku Ntcheu mwezi watha, maliro ndinaonera pafoni. Sunthani, mzere wayenda."