Nkhalango Yodzisamala Yokha

A Dalaivala atatuluka m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsimphina ndi ndodo zawo kulunjika kuseri, kunkhalango yawo ya zakudya imene anaisiya m'manja mwa mng'ono wawo Telala. Mawa lake kunkabwera ahedi a sukulu kudzaiona, ndipo ikawasangalatsa akanawapatsa ntchito yobzala ina kusukuluko. Mwendowo sukanapondanso kalachi ya basi, choncho ntchito ina panalibe.

Chimene chinayamba kuwalonjera ndi fungo.

"Iwe Telala! Kwafa chiyani kuno?"

"Palibe, achimwene," anayankha Telala akubwera, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. "Ndi mapapaya."

"Mapapaya anga kuwolera pansi? Manjawo unawasokerera kuthalauza?"

"Ayi, ali bwinobwino." Anawatambasula kuti awaone. "Munanena kuti chogwa pansi asatole munthu, ndi chakudya cha nthaka."

"Masamba, iwe! Ndinkanena masamba!"

"Munati chogwa. Papaya nayenso amagwa."

"Ukanathyola asanagwe!"

"Ndimadikira ndione ngati nkhalango ithyola yokha. Paja munati imadzisamala."

"Wagwira ntchito, mng'ono wanga. Nthaka yakhuta. Ife tidya fungoli."

"Zikomo, achimwene."

A Dalaivala anayang'ananso mapapayawo. Mawu aja akuti nkhalango imadzisamala analidi awo. Chibzalireni mitengoyi, palibe mlendo amene anachoka pakhomopo osamva ulaliki wake: mango ndi mapeyala pamwamba, nthochi ndi nandolo pakati, mbatata ndi maungu pansi, khasu likupuma. Ngakhale wowerenga mita ya madzi anafika pomazemba. Anatsimphinanso pang'ono, n'kuima.

"Nanga peyala wanga wamng'ono uja ali kuti?"

"Ali momwemo." Telala analoza chimulu cha masamba. "Dzungu lamukwera."

"Iwe n'kumangoonerera?"

"Munati zomera zimagwirana manja ngati pachibale."

"Uku n'kugwirana manja? Lamugwira pakhosi!"

"Pachibale zimachitika, achimwene."

Asanayankhe, nthochi zinagwedezeka, ndipo panatulukira mutu wa ndevu ukutafuna modekha.

"Aaa! Mbuzi! Ya ndani imeneyi?"

"Ya a neba. Imafika m'mawa, imaweruka madzulo."

"Imaweruka! Bwanji sunaisokere yunifolomu?"

"Simunandiuze. Koma munati m'nkhalango aliyense ali ndi ntchito yake, ngakhale nyerere."

"Ndiye ntchito ya mbuzi n'chiyani?"

"Imatengulira. Ikamaliza imasiya manyowa. Chichokereni inu sinajombepo."

"Yadya nandolo yense!"

"Ndi yakhama, eti?"

A Dalaivala anaiponyera ndodo. Ndodo inaphonya, mbuzi inangosuntha pang'ono, iwo n'kutsala atayedzamira mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu. Apa m'pamene anaona mbande zawo za malalanje, zouma gwa.

"Izinso dzungu lazikwera?"

"Ayi. Mvula sinagwe."

"Kheni yothirira siyo ili apoyo?"

"Munauza a neba kuti kheni ndi ya anthu amene sanaphunzire za nkhalango. Ine sindinafune kukuchititsani manyazi."

"Ulemu wako wandipha, Telala."

Telala anakanda mutu. "Ndiye mawa ahedi tiwauze kuti siidzisamala yokha?"

"Imadzisamala!"

"Ndiye ine ndalakwa pati?"

"Waisokoneza!"

"Sindinaikhudze."

"Vuto ndi limenelo!"

"Ndiye imafuna kukhudzidwa?"

"Siifuna!"

"Ooh," anatero Telala, akugwedeza mutu ngati wamva.

Mantha anawagwira tsopano a Dalaivala. M'maganizo anaona ahedi atagwira mphuno ndi mpango, akuponda papaya wowola ndi nsapato yopolisha, n'kubwerera pageti. Anaonanso masiku awo onse otsala ali pakhonde, akuwerenga mabasi oyendetsa anzawo. Anatsitsa mawu.

"Tamvera. Dzuwa likadalipo. Tenga chikwanje, ndikuuza podula."

"Chimakhala kuti?"

"Pamene chimakhala."

"Pati?"

A Dalaivala anayang'ana kukhitchini, anayang'ana kubafa, anayang'ana ngakhale kumwamba kwa mango. Nkhalango yawoyawo, koma chikwanje chake sankadziwa kuti chimagona kuti.

"Alamu ndi amene amadziwa," Telala anawathandiza.

"Alamu ako ndi chikwanje, wapi ndi wapi? Amene uja ntchito yake n'kudya zakupsa basi."

"Ayi, amachitenga m'mawa uliwonse. Ine ndimatulutsa makina osokera pakhonde kusanatenthe, ndiye ndimawaona. Amadula dzungu likakwera mtengo. Amasadza nandolo, masamba n'kuyala pansi. Madzi otsukira mbale amathira mbande. Zakupsa amathyola, mbuzi amaigenda. Akamaliza amasamba, n'kudzakudzutsani."

"Ine ndili kuti nthawi yonseyo?"

"Mukuliza mkonono. Umamveka mpaka pakhonde."

"Bodza!"

"Mukadzuka mumapeza papaya ali m'mbale, wosendasenda. Mumati, 'Mwaona? Nkhalango!'"

A Dalaivala anayamba kuwerengera masiku. Masabata onsewa mkazi wawo anali nawo kuchipatala, akuwasambitsa, akuwatembenuza, akugona pansi pafupi ndi bedi. Nkhalango inaonongeka masabata omwewo. Anayesa kuzikana mumtima, koma masamuwo anali osavuta ngakhale kwa munthu wamakani.

"Ndiye iwe bwanji sunachite zimene ankachitazo?"

"Munati palibe chimene amachita."

"Bwanji sunandiuze kale?"

"Simunafunse. Komanso mumakhala mukulankhula."

Mbuzi inayetsemula. A Dalaivala anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pamuzu, mwendo wa chikhakha uli tantha. Anakumbukira mmene ankasangalatsira odwala anzawo m'wodi, tsiku ndi tsiku: "Akazi angawa ndi amwayi, sagwira khasu, chakudya chimangowagwera m'manja." Odwala ankaseka. Mayiyo ankangopitiriza kuwapukuta msana. Ndipo lero pobwera, mayiyo anatsika n'chikwama chawo basi itaima pafupi ndi kwa mchemwali wawo, akuti akangowaona pang'ono.

"Aimbire foni," anatero ndi mawu a munthu wodwaladi. "Uwauze abwere msanga. Uwauze kuti mawa kukubwera ahedi, kuti ntchito ija... Uwauze kuti ndikuwafuna."

"Ayimba kale, achimwene, inu muli m'njira."

"Ati afika nthawi yanji?"

"Nthawi sanatchule. Angoti ndikuonetseni pamene pali sopo, beseni ndi mapoto."

"Mapoto? Ndi mwendo uwu? Andisamale ndani?"

Telala anawatolera ndodo ija, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Inenso ndinafunsa zomwezo. Ati musadandaule, mwamuna wa nkhalango amadzisamala yekha."