Bokosi la Magiya Losadya Mafuta

Asilikali apamadzi anafuna kuti bokosi la magiya la sitima yawo yankhondo, ija yoyandama pamphepo n'kumathamanga pamadzi ndi pamchenga pomwe, lipepuke ndi makilo makumi anayi ndiponso lisamadye mafuta ambiri, apo ayi ntchito ichoka pakafakitale ka ku Yeongdo ipite ku Changwon. A Pyo Man-bok, injiniya wamkulu amene analipanga, anakana kwamtuwagalu kuchotsapo kanthu, mpaka dzulo lake la tsiku loyeza pamene anatopa n'kumuponyera mmisiri wa pafakitalepo, Seol Gi-tae, pepala la asilikali, amvekere: "Chita zimene alembazo!"

M'mawa anapeza bokosi lili pasikelo, Seol ataima pambali, nganganga.

"Ndachita, abwana."

A Pyo anayang'ana sikelo. Anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuyang'ananso.

"Iwe Seol, sikeloyi yafa."

"Ili moyo, abwana. Ndadziyeza ndekha. Makilo 71, nditadya kale."

"Ndiye bokosi langa lapepuka ndi makilo mazana atatu?"

"Ndi awiri pamwamba."

"Anafuna makumi anayi!"

"Alemba kuti osachepera makumi anayi. Sanachepere."

A Pyo anayandikira bokosilo. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Kanatuluka kouma ngati kamtengo kodyera mpunga.

"Oyilo ali kuti?"

"Mumgolo umo. Mzere wachiwiri papepala paja ukuti lisamadye mafuta."

"Mafuta oyendetsa injini, mutu wakowo! Uyu ndi oyilo!"

"Ndinapaka padzanja, abwana. Ndinanunkhiza. Ndi mafuta."

"Popanda oyilo mano a magiya atha m'mphindi zitatu!"

"Satha."

"Atha!"

"Satha, abwana. Mulibemo."

A Pyo anagogoda bokosilo ndi chala. Linalira ngati ng'oma. Anatsegula kachitseko n'kulowetsa mutu.

"Mayo ine!" anatero, ndipo bokosi linawabwezera mawuwo.

"Magiya anga ali kuti?"

"Patebulo lodyera. Ndawandandalika potsata msinkhu."

"Bokosi la magiya lopanda magiya! Unaliona kuti?"

"Ndinadzifunsa, abwana, kuti m'bokosimu amadya ndani. Ndinapeza kuti ndi a mano."

"Nanga mafani opopera mphepo pansi pa sitima azungulira bwanji? Sitima iyandama ndi chiyani?"

Seol anatulutsa pepala m'thumba, n'kuliwerenga ndi chala mpaka pansi, n'kulitembenuza.

"Zoyandama sanalembe."

"Asilikali makumi asanu amira m'nyanja!"

"Aa, ayi, samira. Sitimayo sichoka padoko."

"Adani akabwera?"

"Apeza mafuta athu onse ali m'thanki, osachepa ngakhale dontho."

A Pyo anakhala pansi pachimgolo. Anayang'ana wotchi yapakhoma: teni koloko. Asilikali afika thu koloko kudzaliyeza. Anaganiza za anthu makumi atatu a pafakitalepo, ndi za nkhope ya injiniya mnzawo wa kufakitale ya ku Changwon akadzamva nkhaniyi, mmene adzasekere mpaka kutsamwa ndi mowa wa soju.

"Bweza!" anakuwa. "Bweza zonse!"

"Zonse, abwana? Zifuna mpaka mawa."

"Ndiye yamba ndi zoti lizungulire."

"Zokhazo?"

"Zokhazo! Thamanga!"

Onse awiri anagwira ntchito maola atatu osakweza mutu. A Pyo anapinda manja a malaya, tayi n'kuponya kumsana. Msuzi wa nkhumba umene anaitanitsa unazizirira pazenera. Cha m'ma wani anathira oyilo, n'kulumikiza bokosi kumakina oyesera. Linazungulira, phee, ngati mphaka wokhuta. A Pyo anasuzumira geji yamafuta, n'kuigogoda, koma singano sinasunthe pamene inaima, pansi pa malire amene asilikali anaika. Analikwezanso pasikelo.

"Lapepuka makilo 43," anatero Seol. "Koma zatsala izi, abwana."

Pakona panali mulu wa zitsulo wofika m'mawondo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Seol, akunyamula chimbale chachitsulo.

"Chivundikiro chachiwiri. Chimateteza choyamba."

"Kwa ndani?"

"Chimateteza basi!"

"Nanga zitsulo zinayi izi?"

"Zimagwira chivundikiro chachiwiri."

"Kagiya aka?"

"Kamayendetsa pampu."

"Pampu yake iyi? Imatani?"

"Imaziziritsa chivundikiro chachiwiri. Mafunso ngati wapolisi bwanji?"

"Chimatentha ndi chiyani, abwana?"

A Pyo anayang'ana pampuyo. Anakanda kuseri kwa khutu.

"Ndi pampuyo," anayankha motsitsa.

Seol anagwedeza mutu mwaulemu, ngati wamva nzeru zakuya. Kenako anakoka ndi manja awiri chimkuwa chonyezimira.

"Ichi ndiye sindikuchidziwa ntchito yake. Makilo asanu ndi anayi. Palembedwa dzina lanu, ndi la sukulu imene munaphunzira, ndi chinjoka."

"Chinjokacho anajambula mlamu wanga."

"Chimazungulira?"

"Sichizungulira."

Kugeti kunalira hutala. Pazenera a Pyo anaona galimoto yakuda ikulowa, asilikali atatu a zipewa zoyera ali m'katimo. Anayang'ana bokosi lawo likuwala pasikelo, lowonda, lokongola kuposa tsiku lililonse m'zaka makumi awiri. Anayang'ananso muluwo.

Seol anali atatola kale sipanala, chivundikiro chachiwiri atachikolekera paphewa.

"Ukupita nacho kuti?"

"Munati poyamba ndibweze zonse, abwana. Muwachedwetse ndi tiyi, ine ndiyamba ndi ichi."

A Pyo anadumpha n'kuima pakati pa Seol ndi bokosi, manja ali tambasu.

"Tula sipanala!"

"Koma choyamba chikhala chopanda wochiteteza."

"Tula, ndati! Kankhira zinyalala zakozo kuseri alendo asanalowe. Anakuphunzitsa ndani kumapachika zitsulo zopanda ntchito pabokosi langa?"